Kuundana kwa magazi mwa ana odwala lupus: mafunso ndi mayankho kwa makolo a ku Mangochi

Makolo amene mwana wawo wapezeka ndi lupus amauzidwa zambiri pa tsiku limodzi: za zilonda za m'kamwa, za kutupa kwa mfundo za mafupa, za impso, za kupewa dzuwa ndi za mapiritsi oyenera kumwa tsiku ndi tsiku. Nkhani ya kuundana kwa magazi kawirikawiri imatsalira m'mbuyo, chonsecho ndi vuto limene lingabwere mwadzidzidzi, ndipo kuno kunyanja limabisala mosavuta kumbuyo kwa matenda amene tinawazolowera. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza ana ndi achinyamata osapitirira zaka 18, ndipo mayankho ake sakulowa m'malo mwa malangizo a dokotala amene akuona mwana wanu.

Kodi lupus imakhudzana bwanji ndi kuundana kwa magazi?

Lupus ndi matenda amene chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwe chimayenera kuliteteza. Sapatsirana, sabwera chifukwa cha kulodzedwa, ndiponso si chilango cha zimene makolo anachita. Mwa ana amayamba kawirikawiri pa zaka za kutha msinkhu, makamaka mwa atsikana, ndipo ndi osowa mwa ana osakwana zaka 5. Akayamba paubwana amakhala amphamvu kuposa akayamba munthu atakula, ndipo amafika ku impso kawirikawiri.

Pakati pa asilikali a chitetezo osokonekera amene thupi limapanga pali gulu lotchedwa antiphospholipid. Asilikali amenewa amakangamira ku mapuloteni ena a m'magazi ndi kukhoma la m'kati mwa mitsempha, n'kuchititsa kuti magazi aziundana pamene palibe bala lililonse. Magazi oundanawo amatseka njira, ndipo chiwalo chimene chimadalira mtsemphawo chimayamba kuvutika. Munthu akakhala ndi asilikali amenewa nthawi yaitali, n'kupezekanso ndi magazi oundana, madokotala amati ali ndi antiphospholipid syndrome, kapena mwachidule APS. Dokotala wa ku London, Graham Hughes, ndi amene anafotokoza vutoli momveka mu 1983, n'chifukwa chake mabuku ena amalitchula ndi dzina lake.

Pa pepala la mwana wanga analembapo LA. Kodi akunena mankhwala a malungo?

Funsoli si lachibwana, chifukwa kwa Mmalawi aliyense LA ndi mapiritsi a malungo amene takhala tikulandira kuyambira mu 2007. Koma pa pepala la zotsatira za magazi a wodwala lupus, zilembo ziwirizi zimaimira lupus anticoagulant, mmodzi mwa asilikali atatu amene amayezedwa. Ena awiriwo ndi anticardiolipin ndi anti-beta-2 glycoprotein I. Mwa atatuwa, lupus anticoagulant ndi amene amayenda kwambiri ndi kuundana kwa magazi, ndipo mwana amene wapezeka ndi onse atatu ali pa chiopsezo chachikulu kuposa amene wapezeka ndi mmodzi.

Dzina lakelo ndi losocheretsa, pakuti tanthauzo lake ndi chinthu choletsa magazi kuundana. Linabwera chifukwa chakuti m'kabotolo ka kulabotale msilikaliyu amachedwetsadi kuundana kwa magazi, monga anaonera Conley ndi Hartmann mu 1952, pamene m'thupi la munthu amachita zosiyana kotheratu. Choncho mukafika pachipatala chaching'ono, nenani dzina lonse kapena onetsani pepalalo, kuopa kuti wina angaganize kuti mukunena za malungo amene mwana anadwala mwezi watha.

N'chifukwa chiyani akufuna kuyezanso magazi patapita miyezi itatu?

Chifukwa asilikali amenewa amatha kuonekera kwa kanthawi mwana akadwala matenda ena, n'kuzimiririka okha osavulaza. Malungo, HIV, chindoko ndi matenda ambiri a mavairasi a paubwana amachita zimenezi. M'boma ngati lathu, limene mwana angadwale malungo kangapo pachaka, kuyeza kamodzi kokha kungatinamize. Mgwirizano wa akatswiri umene unasindikizidwa mu 2006 umati magazi ayezedwe kawiri, ndipo pakati pake padutse masabata osachepera 12. Kuyezaku kumafuna labotale yaikulu, motero musadabwe akakutumizani ku Blantyre kapena akatenga magazi n'kuwatumiza kwina.

Pali chinanso chimene chasokonezapo mabanja. Asilikali omwewa amatha kuchititsa kuti njira zina zoyezera chindoko, zotchedwa VDRL ndi RPR, zionetse ngati munthu ali nacho pamene alibe. Mtsikana wa zaka 13 akatuluka ndi zotsatira zotere, asanayambe kukalipiridwa ndi kufunsidwa mafunso ochititsa manyazi, pakufunika kuyeza kwa mtundu wina kotsimikizira.

Kodi mwana aliyense amene ali ndi asilikali amenewa adzaundana magazi?

Ayi. Ana ambiri amene ali nawo amakhala zaka popanda vuto. Kawirikawiri pamafunika chinthu chachiwiri choyambitsa, ndipo zambiri mwa zinthu zimenezi tingazione zikubwera. Choyamba ndi lupus imene yabuka mwamphamvu. China chachikulu ndi impso zimene zikutaya mapuloteni mu mkodzo, zimene zimaonekera ndi kutupa kwa nkhope m'mawa, kutupa kwa miyendo yonse iwiri ndi mkodzo wa thovu. Pamodzi ndi mapuloteniwo thupi limatayanso antithrombin, amene ntchito yake ndi kuletsa magazi kuundana mwachisawawa. Kugona pabedi masiku ambiri, opaleshoni, matenda aakulu otenthetsa thupi, kunenepa kwambiri ndi kusuta fodya zimawonjezera chiopsezo.

Kwa ife a kuno, kuchepa kwa madzi m'thupi n'kofunika kukutchula pakokha. Kutentha kwa October ndi November, kutsekula m'mimba kwa masiku awiri, kapena ulendo wa maola ambiri m'galimoto yodzaza kuchokera ku Makanjira, mwana atapinda miyendo pansi pa katundu ndiponso akukana kumwa madzi kuopa kukodza panjira, ndi zinthu zimene zimaoneka zazing'ono koma zimakhuthalitsa magazi ndi kuwayendetsa pang'onopang'ono. Galimoto ikaima, mwana atsike, ayendeyende, amwe madzi.

Ndi zizindikiro ziti zimene ziyenera kutithamangitsira kuchipatala?

Malo amene magazi amaundana kawirikawiri ndi mitsempha yakuya ya m'miyendo. Mwendo umodzi umatupa kuposa unzake, umapweteka pakatumba kapena pantchafu, umatentha, ndipo nthawi zina khungu limasintha mtundu. Mawu ofunika apa ndi akuti umodzi. Kutupa kwa impso kumagwira miyendo yonse iwiri ndipo sikupweteka kwenikweni, pamene kutupa kwa magazi oundana kumasankha mbali. Mwendo wotere musauthowe ndi madzi otentha, musausisite, ndipo musautemere mphini, chifukwa chimene chikufunika chili m'kati mwa mtsempha momwe dzanja silingafike.

Chidutswa cha magazi oundanawo chikathothoka chimayenda mpaka kumapapo. Mwana amayamba kubanika mwadzidzidzi, amamva kubaya m'chifuwa akamakoka mpweya, mtima umathamanga, ndipo ena amatsokomola magazi kapena kukomoka. Apa maganizo a aliyense amathamangira ku chibayo kapena TB, ndipo n'zomveka, pakuti matenda amenewo ndi ofala kuposa. Kusiyana kwake nthawi zambiri kuli pa liwiro: TB imadya munthu kwa masabata, pamene izi zimabwera m'maola ochepa.

Zovuta kwambiri kuzizindikira ndi za m'mutu. Magazi akaundana m'mitsempha yotulutsa magazi mu ubongo, mwana amamva mutu umene ukukulirakulira tsiku ndi tsiku, amasanza, amaona zinthu ziwiriziwiri, amagona mopitirira, kapena amagwa ngati wakhunyu. Akaundana m'mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, ndiye sitiroko: pakamwa pamapindika, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zimafooka, mawu amalephera kutuluka. Mwana wa ku Mangochi akafika kuchipatala akukomoka, choyamba kuganizira ndi malungo a mu ubongo, ndipo ndi bwino kuti ayezedwe malungo msanga. Koma ngakhale chipangizo chitaonetsa kuti malungo alipo, sizitanthauza kuti nkhani yathera pomwepo, chifukwa ana ambiri a kunyanja amakhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi akudwala china. Udindo wa kholo pamenepa ndi kunena momveka, osadikira kufunsidwa, kuti mwanayu ali ndi lupus, n'kupereka buku lake la kuchipatala. Chiganizo chimodzi chimenechi chimasintha zimene dokotala ayambe kufufuza.

Kupweteka kwa m'nthiti cham'munsi pamodzi ndi magazi mu mkodzo, kupweteka kwa m'mimba koopsa, zala zakuda ndi zozizira, kapena diso limodzi kusiya kuona mwadzidzidzi, nazonso ndi zofunika changu. Pali mtundu wina wosowa kwambiri umene magazi amaundana m'ziwalo zitatu kapena kuposa pa sabata imodzi. Umenewo umafuna chipinda cha odwala mwakayakaya.

Kodi kuchipatala adzachita chiyani?

Adzayamba ndi kutsimikiza. Mwendo amauunika ndi sikani yofanana ndi ya amayi oyembekezera, pamene mapapo ndi mutu zimafuna makina akuluakulu a CT kapena MRI, ndipo pamenepa mwana angatumizidwe kuchokera kuchipatala cha boma cha Mangochi kupita ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Adzayezanso kuchuluka kwa magazi, tizidutswa ta m'magazi totchedwa ma platelet ndi kagwiridwe ntchito ka impso, chifukwa zimenezi ndi zimene zimasonyeza mankhwala oyenera ndi muyezo wake.

Mankhwala oyamba ndi heparin, amene amagwira ntchito nthawi yomweyo. Amaperekedwa kudzera mu diripi, kapena ngati jakisoni wa pansi pa khungu la pamimba wotchedwa enoxaparin, kawiri patsiku, molingana ndi kulemera kwa mwana. Kenaka amayambitsa mapiritsi a warfarin, koma jakisoni sasiyidwa tsiku lomwelo. Ziwirizi zimayendera limodzi masiku osachepera 5, chifukwa warfarin amachedwa kugwira ndipo m'masiku oyambirira sateteza. Mankhwalawa sasungunula magazi oundana ngati shuga m'tiyi. Amaletsa kuti asakule ndiponso kuti ena asapangike, pamene thupi likuchotsa lokha pang'onopang'ono. Nthawi yomweyo madokotala amalimbana ndi lupus yeniyeniyo ndi mankhwala monga prednisolone, pakuti kusamala magazi okha matendawo akuyaka n'kosathandiza mokwanira.

Anthu akuti warfarin ndi mankhwala a makoswe. Ndi zoona?

Mbiri yake ndi yoteredi. Anayamba kugulitsidwa ku America mu 1948 ngati mankhwala ophera makoswe, ndipo mu 1954 anavomerezedwa kuti anthu azimwa pa muyezo woyenera. Chaka chotsatira pulezidenti wa dzikolo, Dwight Eisenhower, anapatsidwa mankhwalawa atadwala mtima. Papita zaka zoposa 70 akugwiritsidwa ntchito, ndipo pa APS ndi amene akudalirikabe kuposa ena.

Chovuta chake n'chakuti malire pakati pa muyezo wochepa ndi wochuluka ndi opapatiza, ndipo muyezo wa ana awiri olemera mofanana ungasiyane. N'chifukwa chake pali kuyeza magazi kotchedwa INR. Munthu wosamwa warfarin amakhala pafupifupi pa 1, pamene ambiri omwa mankhwalawa amafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3. Akatsika, magazi angaundanenso. Akakwera kwambiri, mwana angataye magazi. Poyamba kuyezaku kumachitika pafupipafupi, ndipo zinthu zikakhazikika kumatha kufika kamodzi pamwezi. Musatuluke m'chipatala musanagwirizane ndi dokotala kuti INR izikayezedwa kuti, ndani azikasintha muyezo, ndi kuti zotsatira zizilembedwa m'buku la mwana. Banja limene likukhala kutali kwambiri linene poyera za vuto la thiransipoti, chifukwa dokotala amene akudziwa zimenezi angakonze dongosolo lina, kusiyana ndi kuganiza kuti mukubwera pamene simukwanitsa.

Kodi mwana asiye kudya ndiwo zamasamba?

Asasiye. Warfarin amagwira ntchito polepheretsa vitamini K, amene chiwindi chimagwiritsa ntchito popanga zinthu zoundanitsa magazi, ndipo vitamini ameneyu ndi wochuluka m'masamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, repu ndi chigwada. Ena akamva zimenezi amachotseratu masamba pa mbale ya mwana, chimene ndi kulakwitsa, chifukwa mwana wodwala amafunika chakudya chabwino, ndiponso INR ya munthu wosadya masamba imagwedezeka mosavuta. Chofunika ndi kudya mofanana sabata ndi sabata, kuti muyezo wa mankhwala ugwirizane ndi kadyedwe kake.

Vuto lathu ndi nyengo. M'chilimwe banja lingathe masabata likudya usipa, utaka ndi nyemba, koma mvula ikagwa nkhwani ndi bonongwe zimadzaza m'munda ndipo zimadyedwa masana ndi madzulo omwe. Kusintha koteroko kungatsitse INR, choncho December ndi January ndi miyezi yosayenera kujomba kuyeza. Chimodzimodzinso mwana akapita kusukulu yogonera komweko kapena akabwerako ku holide. Ufa wa masamba a chammwamba, umene ena amathira m'phala la odwala, uyeneranso kutchulidwa kwa dokotala.

Ndi mankhwala ati amene amasemphana ndi warfarin?

Ndi ambiri, ndipo ena ndi amene timawapeza pafupi. Bactrim, Flagyl, fluconazole, erythromycin ndi ciprofloxacin amawonjezera mphamvu ya warfarin, moti magazi angayambe kutuluka m'masiku ochepa. Rifampicin, amene ali m'mapiritsi a TB, amachita zosiyana: amafooketsa warfarin kwambiri moti muyezo wake umakwezedwa, ndipo mwana akamaliza mankhwala a TB muyezo umafunika kutsitsidwanso. Ma ARV ena ndi mankhwala ena a khunyu nawonso amasintha INR. Izi sizikutanthauza kuti mwana asalandire mankhwala amenewa akawafuna, koma kuti wolemba mankhwala adziwe ndipo INR iyezedwe msanga.

Mapiritsi opha ululu a pagolosale ndiwo odetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mwana wa lupus amamva kupweteka kwa mafupa kawirikawiri ndipo wachibale aliyense wachifundo amamugulira kanthu. Brufen, diclofenac, Indocid ndi mapiritsi onse okhala ndi aspirin amakanda m'mimba, amafooketsa ma platelet, ndiponso amavulaza impso zimene lupus yayamba kale kuzigwira. Panado pa muyezo woyenera ndi amene angamwe. Mankhwala azitsamba mphamvu yake siyezeka, motero asasakanizidwe ndi warfarin. Jakisoni wobaya m'thako apewedwenso, pakuti magazi angatuluke m'kati mwa mnofu.

Ife ndife Asilamu. Kodi ndi zoona kuti heparin amachokera ku nkhumba?

Ndi zoona kuti heparin wambiri padziko lapansi, kuphatikizapo enoxaparin, amapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhumba, ndipo si bwino kuti achipatala abise zimenezi kwa banja limene lafunsa. Akatswiri ambiri a malamulo a Chisilamu amaloleza mankhwala otere pamene moyo uli pangozi ndipo palibe china cholowa m'malo mwake. Banja limene likukayika likambirane ndi shehe wawo mwamsanga, chithandizo chikupitirira, chifukwa magazi oundana m'mapapo sadikira. Warfarin alibe vuto limeneli.

Pa Ramadan, odwala ndi ololedwa kusasala, koma achinyamata ambiri amafuna kusala ngati anzawo. Kwa mwana amene anaundanapo magazi kapena amene impso zake zikuvuta, kukhala tsiku lonse osamwa madzi pa kutentha kwa kuno ndi chiopsezo chenicheni, ndipo nkhaniyi ikambidwe ndi dokotala mwezi usanaoneke.

Mnyamata wathu wafika pa msinkhu wa jando. Titani?

Mnyamata amene akumwa warfarin, heparin kapena aspirin asadulidwe kundagala. Magazi amene kwa anzake amasiya m'mphindi zochepa, kwa iye angapitirire usiku wonse, kutali ndi thandizo. Kumusiyitsa mankhwala mwakachetechete kuti akalowe n'koopsanso, chifukwa bala, kugona pansi masiku ambiri ndi kusowa kwa mankhwala zikakumana, magazi amaundananso. Njira yabwino ndi mdulidwe wa kuchipatala wokonzedwa nthawi ikadalipo, pamene madokotala amaimitsa warfarin kwa masiku owerengeka, n'kumuteteza ndi jakisoni, kenaka n'kuyambiranso. Za miyambo ndi malangizo, makolo akambirane ndi angaliba ndi amfumu, ndipo wina wamkulu aonetsetse kuti mapiritsi akumwedwa tsiku lililonse. Lamulo lomweli likukhudza kuzula dzino, kuboola makutu ndi kutema mphini.

Nanga atsikana amene atha msinkhu?

Warfarin amachulukitsa magazi a msambo. Mtsikana amene akusamba kupitirira masiku 7, amene akusintha nsalu ola lililonse, kapena amene wayamba chizungulire ndi kuyera m'manja, apite kuchipatala, ndipo amayi kapena azakhali amuuziretu kuti zimenezi si zobisa. Mapiritsi olera okhala ndi estrogen amawonjezera kuundana kwa magazi ndipo ndi osayenera kwa aliyense amene ali ndi asilikali a antiphospholipid. Lupu ndi njira zina zopanda estrogen zilipo. Nkhaniyi imavuta kuiyamba, koma warfarin amalemaza mwana wosabadwa, makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12 ya mimba, nthawi imene mtsikana angakhale asanauze munthu aliyense. Amayi amene ali ndi APS amatha kubereka bwino mimba ikakonzekeredwa, pogwiritsa ntchito jakisoni wa heparin ndi aspirin wochepa m'malo mwa warfarin.

Wachibale wa ku Johannesburg akufuna kutitumizira mapiritsi atsopano osafuna kuyeza magazi. Tilandire?

Musayambe musanafunse dokotala. Mapiritsi monga rivaroxaban ndi abwino pa mitundu ina ya kuundana kwa magazi, koma kafukufuku wa ku Italy wotchedwa TRAPS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anaimitsidwa asanathe chifukwa odwala APS okhala ndi asilikali onse atatu amene ankamwa rivaroxaban ankadwala sitiroko ndi mtima kuposa omwa warfarin.

Mwana amene sanaundanepo magazi angatetezedwe bwanji, ndipo amene anaundanapo adzamwa mankhwala mpaka liti?

Pafupifupi mwana aliyense wa lupus amayenera kumwa hydroxychloroquine, amene amatonthoza matendawa ndiponso amachepetsa kuundana kwa magazi. Ndi m'bale wake wa chloroquine, amene dziko lathu linasiya kugwiritsa ntchito pa malungo mu 1993, koma musamuwerengere ngati chitetezo cha malungo: neti ikufunikabe, ndipo thupi likatentha ayezedwe. Womwa mankhwalawa zaka zambiri amafunika kuunikidwa maso. Kwa ana amene asilikali aja akhazikika m'magazi, dokotala angawonjezere aspirin wa muyezo wochepa, amene ndi wosiyana ndi wa pagolosale. Mwana amene akumwa aspirin akadwala katsabola kapena chimfine chachikulu, adziwitseni achipatala msanga.

Za kutalika kwa nthawi, ngati magazi anaundana chifukwa cha chinthu chodutsa ndipo asilikali aja sanapezeke, miyezi 3 mpaka 6 imakwanira kawirikawiri. Ngati ndi APS yotsimikizika, warfarin amamwedwa zaka zambiri, mwinanso moyo wonse, chifukwa vutoli limabwereranso mwa ambiri amene asiya. Mwendo ukaphwa ndipo mwana akayamba kuthamanga, pamenepo ndi pamene mabanja ambiri amaganiza kuti wachira.

Tingadziwe bwanji kuti mankhwala achuluka, ndipo akaiwala kumwa achite chiyani?

Kamfuno wosasiya pakadutsa mphindi 10 mutatsina mphuno, magazi a m'nkhama, mabala akuda pakhungu popanda kumenyedwa, chimbudzi chakuda ngati phula, masanzi a magazi ndi mutu waukulu, zonsezi ndi zofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Kuchipatalako vitamini K amathetsa mphamvu ya warfarin. Mwana akagwa pa kabaza kapena akagunda mutu pa mpira, apimidwe ngakhale akuoneka bwino, pakuti magazi a m'mutu amatha kudontha mwakachetechete. Magazi mu mkodzo musawatenge ngati likodzo chabe, ngakhale mwanayo amasambira ku Malombe kapena ku Shire tsiku lililonse. Ayezedwe zonse zitatu, likodzo, impso ndi INR.

Akaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, amwe nthawi yomweyo. Akakumbukira mawa lake, amwe muyezo wa tsikulo wokha osaphatikiza, ndipo tsiku lodumphalo lilembedwe m'buku kuti woyeza INR adziwe. Mabanja a ku Makanjira, ku Katuli ndi madera ena amene misewu imavuta mitsinje ikadzaza apemphe mapiritsi okwanira mvula isanayambe, ndipo azipita kukatenga ena akatsala a masabata awiri.